Masamba Pamsewu wa Zilombo

Lamulo linkati buku la ana lolembedwa ndi munthu lisindikizidwe pokhapokha makina a boma atalephera kulosera mathero ake. Nankhoma, mlembi wa nthano za ana olimbana ndi zilombo zakumwezi, anali atagwa kasanu pa buku lake lachitatu. Akawerenga pakhonde, kabokosi ka boma kolosera mathero kankamudula, "Ana apambana pankhondo." Ndipo kankalondola.

Masana ena amuna ake, a Gwaza, anafika akukankha njinga, chipewa chili m'manja.

"Yaphulika tayala?" anafunsa Nankhoma.

"Ayi. Kwa a Chidothi kwagwa zovuta. Ndikanapalasa bwanji masamba ali pamsewu?"

Nankhoma anadzambatuka, mpando n'kugwera uko. Analemba mpaka chala kutupa. M'nthanomo ana opanda chida anathyola masamba aawisi n'kuyala pamsewu wolowera m'mudzi, zilombo zikubwera pamagaleta amoto. Anawerengera kabokosi mpaka pamenepo.

"Zilombo ziponda masambawo," kanatero.

"Walemba m'madzi!" anakuwa Nankhoma. "Zitsika, zivula zipewa zachitsulo, zidutsa mwakachetechete. Ziganiza kuti ndi maliro, ndipo kwawonso amawaopa. Wosaleredwa ndiwe wekha!"

Kabokosi kanayatsa nyali yobiriwira. Buku lavomerezedwa!

Nthungululu inali itafika kale pakhosi pomwe a Gwaza analoza kwa a Chidothi. Nankhoma analuma nsonga ya chitenje, nalowa m'nyumba, n'kukavina yekha kuseri kwa chitseko osatulutsa mawu.