Khomo la Njuchi

Padangokhala, Njuchi ankasunga uchi ndi ana ake m'mphako ya mtengo wa mlambe. Mphakoyo inali ndi khomo limodzi lokha.

M'mawa wina atabwera kuchokera kumaluwa, anapeza khomolo litatsekeka. Anakankha, nabwerera m'mbuyo, nakankhanso, koma osatheka. M'katimo ana ankalira ndi njala. Njuchi anayamba kutukwana mtengo, kenaka mapiko ake omwe.

Gogomole, mbalame yogogoda mitengo ija, anatera panthambi. "Mayi, musanathyoke khosi, mwafunsa kuti pakhomopo pali ndani?"

Gogomole anagogoda, ndipo Nalimata anasuzumira, thupi lake litadzaza khomo lonse.

"Ndine," anatero Nalimata. "Munandiika nokha dzinja lija kuti ndizithamangitsa nyerere. Ndanenepa, koma simunandiuze kuti ndichoke."

Njuchi anatulutsa mbola ndi ukali.

"Mukamuluma, nyerere zidzatha anawo," anatero Gogomole. "Khomo limodzi silikwana anthu awiri."

Anaboola lina pambali, Njuchi n'kulowa. Atadyetsa ana, anatuluka ndi zisa ziwiri za uchi.

"Ichi n'chanu a Gogomole, mwandipulumutsira ana. Ichi n'cha a Nalimata, amene sanachoke pantchito ngakhale mwini ntchito nditawaiwala."

Nthano yanga yatsekera pompa.