Pulofesa Sakuyankha

Chitsulo chokolekapo diripi chinamupeza pachipumi Bambo Pepala asanamalize n'komwe kupereka moni. Anagwa chagada. Podzuka, magazi anali atatseka diso lamanzere, ndipo mayi wodwala amene anamumenyayo anali atakwera kale patebulo, akuzunguza chitsulocho ngati akupirikitsa agalu.

Mayiyo anabwera ndi apolisi m'mawa womwewo. Anamutola pamphambano akuswa magalasi a galimoto za eni ndi njerwa, anthu atamuchita kale zakezake. Nkhope inali itatupa, mlomo utang'ambika. Analibe nsapato, analibe chikwama, ndipo dzina lake panalibe wolidziwa.

Alonda awiri a pachipatalapo anamulumphira patebulo paja. Mmodzi analandira chidendene pakamwa n'kulavula dzino. Winayo anamugwira m'chiuno, koma mayiyo anamuluma pamkono osasiya mpaka magazi chuchuchu. Sisita wamkulu, kapu yake itagwera uko, anapeza mpata n'kumubaya jakisoni pantchafu. Anamumangirira pabedi, manja ndi miyendo yomwe.

Bambo Pepala anali dokotala wachinyamata. Dzinalo anam'patsa ndi anamwino chifukwa sakanatha kulankhula mawu atatu osatchula kafukufuku amene wawerenga. Tsopano, akudinikiza thonje pachipumi, anaima pafupi ndi bedilo n'kumayang'anitsitsa. Thupi la mayiyo linali moto. Milomo inkatafuna popanda chotafuna. Zala zinkavina zokha.

Mkulu wa madokotala analowa, n'kuona magazi pansi ndi mabotolo osweka.

"Iyi ndi misala basi," anatero. "Wadi ino si khola. Ndaitana kale ambulansi ya kuchipatala cha amisala."

"Abwana, pepani, si misala imeneyi," anatero Bambo Pepala. "Ndi asilikali a m'thupi mwawo. M'malo molimbana ndi matenda, atembenuka, akuukira ubongo. Titenge madzi a pamsana tiyeze, tiwapatse mankhwala oziziritsa chitetezo. Akapita uko akafa atamangidwa."

"Wawerenganso kuti zimenezo?"

Anatulutsa foni n'kumuonetsa kafukufukuyo. Anaulemba ndi Pulofesa wina wa payunivesite ya mumzinda momwemo, katswiri wa nkhondo ya pakati pa chitetezo cha m'thupi ndi ubongo. Bambo Pepala anali asanakumanepo nawo, koma zolemba zawo ankazidziwa ngati nyimbo. Zinalipo zodzaza shelefu, ndipo padziko lonse panalibe wolemba za matendawa amene ankamaliza tsamba osatchula dzina lawo.

"Akatswiri zikwizikwi amatsamira pa pepala limeneli, abwana."

"Zikwizikwizo zibwera kudzakusoka chipumicho?" Mkuluyo anaseka pang'ono. "Chabwino. Aimbire a Pulofesa akowo. Akavomera ndi pakamwa pawo, mayiyu atsala. Apo ayi, ambulansi ikangofika, ulendo."

Bambo Pepala anaimba kuyunivesite. Mlembi anati a Pulofesa sanaoneke kuofesi, koma atamva kuti ndi nkhani ya moyo, anam'patsa nambala ya foni yam'manja. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Inaitananso mpaka kuduka. Mumtima anayamba kuwatukwana: anthu otchuka ndi choncho, amalemba za odwala koma wodwala weniweni alibe naye nthawi.

Ali chiweramire pafoniyo, lamba womangira dzanja lamanja la mayiyo anaduka.

Zala za mayiyo zinamugwira pakhosi n'kumukokera pabedi. Zikhadabo zinalowa m'mnofu. Anayesa kukuwa, mawu osatuluka. Anaona denga likuda. Mlonda uja wa dzino anadzutsa chibonga kuti aphwanye mkonowo, koma Bambo Pepala, ndi kamphamvu kotsala, anatchinga ndi dzanja lake. Chibonga chinatera pa zala zake, ziwiri n'kuthyoka. Nthawi yomweyo mayiyo anamutaya, maso n'kutembenuka, thupi lonse n'kuyamba kuphiriphitha, thovu kukamwa.

"Mwaona, abwana?" anatero Bambo Pepala, mawu atasasa, ali chogwada pansi. "Wamisala amakomoka chonchi?"

Pakhomo panali pataima kale anyamata a ambulansi ndi machira awo.

Kumbuyo kwawo kunatulukira wapolisi, akutsogolera bambo wina wachikulire, malaya atamangidwa mabatani mophonya, maso ali psuu. Bamboyo atangoona pabedipo, anathamangirapo. Anagwira phazi la mayiyo, lodzaza mabala, n'kulifungatira.

"Mayi a ana anga," anatero chapansipansi. "Ndakufunani mzinda wonse."

Bambo Pepala anadzikoka mpaka pamene panali bamboyo, dzanja lothyokalo atalipanira kukhwapa.

"Bambo, ndinu amuna awo? Chonde musalole kuti awatenge. Akazi anu si amisala, matendawa ali ndi mankhwala. Alipo munthu mmodzi amene abwana angawamvere, a Pulofesa amene analemba izi." Anamuonetsa foniyo, galasi lake lili magazi okhaokha. "Ndawaimbira, ndawaimbiranso, koma sakuyankha."

Bamboyo anayang'ana dzina linali pamwamba pa pepalalo, kenako anayang'ana dokotalayo.

"Sangayankhe, mwanangu," anatero. "Ndi amenewa mwawamangirira pabediwa."