Galasi Latsika

Kachitatu konse bwana anachikana chithunzi cha pakompyutacho.

"Balazali ndi lokongola, mayi, koma simukhala munthu," anatero. "Ikamakwana folo koloko ndione nyumba yeniyeni. Apo ayi, ntchitoyi ndipatsa wina."

Mlongoti, amene anzake anamupatsa dzinali chifukwa cha kutalika kwake, mtima unali m'mwamba. Ntchito yake inali yoyala katundu m'zipinda za pakompyuta, zoti kasitomala azizungulira ngati walowamodi. Mipando yake sinkayandama m'malere, mithunzi inkagwa bwino, koma zonse zinkaoneka ngati za m'sitolo. Miyezi isanu ali kutali ndi banja chifukwa cha ntchito imeneyi, ndiye imupulumuke lero?

Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Kenako anaimbira mwamuna wake.

"Bambo, tandijambulirani pabalaza pathu mmene palili. Musasunthe kanthu."

"Muonapo chiyani, mayi? Chichokereni inu sipanapondepo munthu. Ndikungofa nako kusungulumwa kuno."

Chithunzi chinafika. Nthawi yoti apukwe kwawo panalibe, maso ake ankangoona miyeso basi. Anayamba kukopera zonse m'balaza lake la pakompyuta. Sofa anaipendeketsa pang'ono. Kapu anaisiya pamkono wa mpando. Chitini cha shuga anachiika pashelefu yam'munsi, kampando kamatabwa patsogolo pa kabati. Galasi lapakhoma analitsitsa mpaka linafanana ndi la pachithunzi, ndipo msomali wopanda kanthu umene unatsala pamwamba pake sanauiwale. Thukuta lili kamukamu, anaseka yekha. Kusalongosoka kwa bambo akunyumba, komwe ankakangana nako tsiku ndi tsiku, lero kunali kumupulumutsa.

Bwana anafika nthawi isanakwane n'komwe. Anagwira mausi, nazungulira balaza lonse. Mlongoti ankangotafuna cholembera.

"Eya! Iyi ndiye nyumba," anatero bwana. "Ntchito ndi yanu, musadandaulenso."

Mlongoti mtima unakhala pansi. Anatenga foni kuti athokoze mwamuna wake.

"Chandisangalatsa kwambiri n'choti mwaganizira ngakhale mayi wa m'nyumbamu," anapitiriza bwana akuloza pakompyuta. "Ndi wamfupi, eti? Shuga wamuikira pafupi, kampando kokwerapo ako, galasi n'kulitsitsa kuti azidziona kumaso. Munthu ukuchita kumuona."

Mlongoti anayang'anitsitsa msomali uja. Anaukhoma yekha tsiku lomwe ankalowa m'nyumbamo, molingana ndi nkhope yake.

Ndipo mwamuna wake ndi wamtali kuposa iye.