Mankhwala Otsukira Bafa la Bwana

Kaliati anali atagwada m'bafa kuyambira m'mamawa, ndimu kudzanja lamanja, chitsononkho kumanzere. Mawondo anali atachita dzanzi kalekale. Matailosi aja anali akadali mbuu, ngati wina wawazapo phala n'kuthawa.

Vuto linali madzi. Pa esiteti ya fodya imeneyi, m'chigwa cha Phalombe, madzi ankachokera pachitsime cha mchere, ndipo paliponse pamene dontho lauma pankatsala chipsera choyera, chokhakhala. Pamatailosi, pampopi, pagalasi la zenera, ngakhale pakalilole. Mandimu ankachotsa ndithu, tisawanamizire. Koma ukatsuka Lolemba, pofika Lachitatu zoyera zija zabwerera, zatenganso abale awo.

Dona, mkazi wa bwana, anali atangotha miyezi itatu chibwerereni kuchokera ku Mangalande. Chinyanja sankachidziwa, koma chala chake chinkalankhula. Ankachiyendetsa pagalasi, n'kuchiyang'ana, kenako n'kuyang'ana Kaliati. Akatero ankaitana mwamuna wake kuti adzamasulire, ndipo bwanayo akamaliza kumasulira ankathirapo ndemanga yake imodzimodzi ya masiku onse.

"Nthawi ya Makina bafa ili linali kung'anima. Zaka khumi ndi chimodzi, popanda ngakhale kadontho!"

A Makina anali mkulu amene ankagwira ntchito ya m'nyumbamo bwana asanakwatire. Msana utawavuta anapuma, n'kubwerera kwawo ku Chiwalo. Kaliati anali asanawaonepo ndi maso, koma dzina lawo linkamuwawa kuposa dzino lobooka.

Tsopano Dona anali atatopa. Mawu anatuluka akuti pofika Loweruka, bafa likapanda kukhala ngati la nthawi ya a Makina, Kaliati avule yunifolomu. Kuvula yunifolomu kunkatanthauza kubwerera ku thangata, kukaweramira fodya wa bwana dzuwa lili pamsana. Kunkatanthauzanso kutuluka m'kanyumba ka kuseri kwa khitchini, mkazi wake Belita ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Kaliati anachita mantha enieni, moti ngakhale chakudya chinasiya kumukomera.

Palibe chimene sanayese. Phulusa linangopaka utoto wina pamwamba pa woyambawo. Mchenga wa mumtsinje unakala kalilole pangodya, ndipo anabisapo ndi thaulo. Bwemba anathandiza tsiku limodzi. Thobwa losasa linathandiza masiku awiri, koma bafa lonse linanunkha ngati pamene panali ukwati dzulo lake, ndipo Dona anatuluka atatseka mphuno.

Pamenepo Kaliati anazindikira zoona zake. Munthu sangalimbane ndi madzi amenewa zaka khumi ndi chimodzi ndi manja okha. Mkulu uja anali ndi mankhwala, mwina muzu wa kuphiri, mwina zina zimene sititchula masana. Anatumiza tambala ku Chiwalo, wonenepa bwino, pamodzi ndi mawu aulemu.

Tambala anadyedwa. Yankho linabwera lakuti, "Kamuuzeni mwanayo kuti ine ndinkangopukuta ndi kansanza."

Anatumiza fodya wa mphuno. Fodya anafwenthedwa, yankho n'kubwera lomwe lija.

"Nkhalamba youmira!" anatero Kaliati kwa Belita. "Akufuna akalowe nawo m'manda mankhwalawo. Kodi kumandako kuli matailosi?"

Lachisanu anadzilimbitsa mtima, napita kwa bwana manja ali kumbuyo. Anapempha kuti a Makina aitanidwe, adzaulule chinsinsi chawo pamaso pa eni nyumba, poti pamaso pa mzungu sakanatha kumana. Bwana anakondwera nawo maganizowo. Kwa miyezi itatu anali akutamanda Makina kwa mkazi wake, ndipo ankafuna kuti Dona adzionere yekha wantchito weniweni. Anatumiza lole ya fodya kukawatenga.

Loweruka m'mawa anthu anayi anapanikizana m'bafa muja. Dona anaima pakhomo atapinda manja. Bwana anatsamira khoma, kaliwo ali kukamwa. Kaliati anakhala pangodya, pafupi ndi thaulo lija.

A Makina sanafulumire. Anali kamunthu kakafupi, kowerama, kovala jekete lakale la bwana yemweyo. Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira bafa lonse. Anakanda tailosi ndi chikhadabo, n'kuyang'ana chimene chatsalira. Anatsegula mpopi, n'kuutseka. Anapukusa mutu mwachisoni, ndipo Kaliati anaona munda wa fodya uli pamaso pake.

"Waona, Kaliati?" anatero bwana monyadira. "Makina, muuze munthuyu mankhwala ako. Usabise kanthu."

Mkuluyo anavula chipewa, nachigwira pachifuwa ndi manja awiri.

"Pepani bwana, mankhwala ine ndinalibe. Ndinkangopukuta fumbi basi. Chimene chimadetsa ndi madzi, ndipo paja inu nthawi imeneyo munkasamba pa Khirisimasi pokha."

Dona anakoka mwamuna wake malaya, kufunsa kuti mkuluyo wanena chiyani. Bwana anafiira mpaka m'makutu. Chingerezi cha Kaliati chinali cha m'khitchini, koma anamva bwinobwino bwana akuuza mkazi wake kuti Makina wanena kuti Kaliati ndi katswiri, ndipo asachotsedwe ntchito.