Wotsokomola Pakhonde

Pabenchi ya pakhonde panali mkulu wina wa ovololo yakutha, akungotsokomola chitsokomolere. Pulofesa zinawanyansa. Anthu enawa, chipatala chili uko, koma chifuwa chawo akudzachitulira ku maofesi a kafukufuku! Anamenyetsa chitseko n'kubwerera pampando.

Ntchito inali itatsala pang'ono kutha. Anali atasonkhanitsa mapepala onse a kafukufuku wa fumbi la simenti ndi matenda a m'mapapo. Lamulo lake n'lakuti anthu awiri awerenge pepala lililonse payekhapayekha, kenako agwirizane ngati lili lodalirika kapena lokondera. Pa mapepala onse anamvana, kupatula limodzi, lalikulu kuposa ena onse. Limeneli likangolowa m'gulu la odalirika, lipoti linena kuti fumbi silivulaza munthu, ndipo eni mafakitale apitiriza kugona tulo tabwino.

Wokana anali wowerenga mnzawo, dokotala wachitsikana amene kumbali ankamutcha Namakani.

"Anayeza okhawo amene anawapeza pantchito tsiku limenelo," anatero Namakani. "Odwala anali kunyumba, ena atawachotsa kale ntchito. Mukalowa m'bwalo la mpira n'kufunsa osewera ngati miyendo ili bwino, mukuyembekeza yankho lanji?"

Pulofesa anaseka cha m'mphuno. Tinzeru ta dzanadzana tomweti. Iwo ankadziwa pamene panagona nkhani. Wolemba pepalalo, dokotala wa pafakitale ya simenti imene anayezako antchitowo, anali pachibwenzi ndi Namakani kusukulu, mpaka anamusiya n'kukwatira wina. Ofesi yonse inkaidziwa imeneyi, ndi wophika tiyi yemwe. Ndiye lero kamtsikana kakufuna kubweza chipongwe, kakubisala kumbuyo kwa sayansi. Zamanyazi.

"Mayi, nsanje muzisiya kunyumba pobwera kuno," anatero. "Pepala likuti anayeza antchito onse. Zongoganizira sitilemba muno. Umboni wanu uli kuti?"

Panja chifuwa chija chinayambiranso, chouma, chosafuna kutha.

"Nditchulireni munthu mmodzi yekha amene anasiyidwa," Pulofesa anapitiriza akugogoda tebulo ndi chala. "Apo ayi, vomerezani kuti pepalali n'lodalirika, kapena dzina lanu lichoke pa lipotili lero lomwe."

Mtsikanayo anawayang'ana mmene munthu amayang'anira ntchentche yogwera mu tiyi. Anadzuka n'kulunjika kuchitseko. Pulofesa anatsamira mpando mokhutira. Akalire kuchimbudzi, abwerako atafewa.

Koma sanapite patali. Anawerama pabenchi paja n'kumugwira mkono mkulu uja. Atafika naye pakhomo, Pulofesa anaona pachifuwa cha ovololo chizindikiro chofwifwa cha fakitale yomwe ija.

"Ababa, pepani ndakuchedwetsani kwa dokotala wa mapapo," anatero Namakani kwa bambo ake omubereka. "Talowani kaye. Muwauze abwanawa kumene munali tsiku lija ankayeza anzanu."