Malaya Ofiira a Ufulu

Madalo anafika pasukulu ya m'tsinde mwa phiri la Michesi dzuwa lisanatenthe, mwana wake Ufulu ali kumbuyo, wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Inali njala ya 2002. Sabata yonse njinga ya bungwe lina lothandiza ana inkazungulira midzi ndi chimkuzamawu, ikuti ana onyentchera abwere nawo, kuli phala la likuni.

Amayi anadzaza bwalo, koma a Sitima, mkulu wofalitsa nkhani za bungwelo, analowetsa m'kalasi awiri okha: Madalo ndi msuweni wake Zelifa, amene anali ndi golosale.

Madalo anaipidwa. Julius, mwana wa Zelifa, anabadwa mwezi umodzi ndi Ufulu, mphuno ndi makutu ngati mapasa, koma masaya ake anali ngati mabanzi. Munthu wodya m'mawa, masana ndi madzulo kudzalanda phala la ana oti angafe? Manyazi analibe mayi ameneyu. Madalo anakhala kumapeto kwa benchi, maso ali pachitseko, kuopa kuti thumba la ufa wa phala likangolowa Zelifa ayamba ndiye kuligwira.

A Sitima anatulutsa malaya ofiira atsopano, amodzi okha, n'kulunjika nawo kwa Ufulu. Mtima wa Madalo unakhala pansi. Kani amaona anthuwa. Anamuveka mwana wake, malayawo n'kulendewera mpaka m'mawondo. Wojambula zithunzi wa bungwelo anati mamina asamupukute, ndipo asamuseketse. Kamera inang'anima.

Kenako Madalo anafunsa mwaulemu za phala lija. A Sitima, atamva kuti mayiyu anafika Fomu 3, anamufotokozera ngati mphunzitsi kuti bungwe limalankhula pawiri. Chimkuzamawu cha panjinga ndi mawu a lero, ongosonkhanitsira anthu, mawa aiwalika. Koma pali uthenga wina wa zaka zambiri, wopita kwa amene amathandiza bungwe kunjako, ndipo umenewo ndi umene umalisunga lamoyo. Phala lidzabwera uthengawo ukakawagwira mtima.

Madalo sanamvetse zonse, koma anagwedeza mutu. Bola mwana wake ndiye wasankhidwa.

"Tsono malayawo mumuvule, mayi," anatero a Sitima.

Madalo anamuvula. Zelifa anawalandira osamuyang'ana kumaso, n'kumuveka Julius. Malayawo anamuthina pamimba.

"Uyu mumujambule akuseka," a Sitima anauza wojambula. "Ameneyu ndi Ufulu yemwe uja, atamwa phala lathu."