Bomba Silingagwe ku Balaka

Keturah anakhalira sutikesi kuti zipi itseke. Inakana. Anachotsamo jekete la mwana wake Atuweni, poti ku Balaka kulibe chisanu choti n'kuvalira chimenecho, n'kuyesanso.

Pa sofa, mwamuna wake Gracian anali atakweza TV ngati m'nyumbamo mumakhala ogontha. Nkhani inali yomwe ija ya chaka chonsechi. Amerika ndi Rasha ang'amba pangano lawo lakale la mizinga ya nyukiliya, ndipo aliyense akuti wayamba ndi mnzake.

"Mwamva amake Atu? Chatsala n'kudina batani basi," anatero Gracian. "Dziko la Angerezi linoli ndi bwenzi la Amerika, ndege zawo zankhondo zimagona konkuno. Bomba loyamba ndi lathu."

Keturah anangomuyang'ana m'mbali. Bambo wandevu zake, woyendetsa fokolifiti yonyamulira katundu ku weyahausi ya ku Corby, munthu amene chaka chatha akanalephera kuloza Rasha pa mapu, lero wasanduka kazembe. Kale pakamwa pake pankatuluka za mpira zokhazokha. Tsopano ankatchula mayina a mizinga ngati akutchula abale ake. Ambulansi ikalira mumsewu wa kwawoko ku Beaumont Leys ankathamangira pa windo. Zinkamunyansa Keturah. Azibambo a maiko awiri akuopsezana uko ngati atambala, wachitatu akunjenjemera pa sofa, koma wolimbana ndi zipi n'kukhala iye.

Komatu mantha amapatsirana ngati chimfine. Kunyumba yosamalira okalamba kumene Keturah ankagwira ntchito, mayi wina wachizungu anamuuza kuti kale boma linkawaphunzitsa kubisala pansi pa tebulo bomba likamabwera. Pansi pa tebulo! Kuyambira tsiku limenelo, Keturah akamuona Atuweni akuseweretsa zidole zake pa kapeti, mtima unkamuthawa. Mwana wa zaka zitatu angathawire kuti pa chilumba?

Ndiye pamene Gracian ananena kuti mayi ndi mwana atsogole kumudzi mpaka zinthu zizizire, Keturah anakana mwezi wathunthu, kenako anavomera. Ntchito anasiya. Malo a mwana ku nazale, amene anawadikirira nthawi yaitali, anawabweza. Ndege inali ya Lachisanu, ndipo lero linali Lachitatu.

"Ku Balaka mukagona tulo," anapitiriza Gracian. "Ndani angawononge bomba lake pa Balaka? Akaphulitse chiyani, malambe?"

"Nanga inuyo, akatswiri, bwanji osanyamuka nafe?"

"Wina atsale azigwira ntchito. Mukadya chiyani?"

Keturah anatsonya. Ankamudziwa mwamuna wake. Bomba ankaliopa, inde, koma bwana wake wa ku Corby ankamuopa kuposa bombalo, moti sakanayerekeza n'komwe kukapempha tchuthi. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene Keturah ankamuyamikira mumtima: wamantha ameneyu anaganizira mwana wake kaye.

Belu la pakhomo linalira. Gracian anadzidzimuka mpaka rimoti inagwa.

"Khalani pansi, a Rasha saliza belu," anatero Keturah, akupita kukatsegula.

Anali Tahera, mayi wa nyumba yoyandikana nawo, amene ankasoka zovala pa makina ake kukhitchini. Ananyamula mtolo wa nsalu yachikasu yopindidwa bwino, ya timaluwa ting'onoting'ono.

"Ndamva kuti mukupita kukaona makolo, mwana wanga. Muyende bwino," anatero m'Chingerezi. "Landirani makatani anu a kuchipinda cha mwana."

"Makatani? Ine sindinasoketse makatani, anti."

Gracian anali ataimirira tsopano, pakamwa pali yasa.

"Si inu ayi, ndi uja amuna anu anati ndi mng'ono wanu," anatero Tahera akumwetulira. "Woyembekezera uja, amene anabwera ndi amuna anu kudzayeza windo inu muli kuntchito. Nsalu anasankha yekha, akuti khanda lake lisamadzutsidwe ndi dzuwa. Anandiuza kuti ndibwere nawo Loweruka inu mutanyamuka, koma mawa ndikupita ku Derby."